Mpando Umene Ndinaukana

Ndinagwira ntchito choimirira kwa zaka zoposa makumi awiri. Inali sitolo ya nsalu ya amwenye, ku Old Town, kufupi ndi msika. M'sitolomo munali mpando umodzi wokha, wa bwana. Ife ogulitsa tinkaima kuseri kwa kauntala kuyambira potsegula mpaka potseka. Palibe anatiletsa kukhala. Kungoti munalibe pokhala, ndipo tonse tinkadziwa kuti wogulitsa akakhala pa mpukutu wa nsalu, kasitomala amadutsa n'kukalowa khomo lina.

Ntchitoyo ndinkaidziwa. Mayi akalowa, asanatsegule pakamwa ndinkadziwa ngati akufuna chitenje cha ukwati, cha kwaya, kapena nsalu yoyera ya maliro. A maliro sayang'ana m'mashelefu. Ndinkayeza, kudula pang'ono ndi sizasi, kung'amba, kupinda, kenako n'kufunsa kuti, "Chinanso?" Bwana ankakonda zimenezo. Ankati munthu asachedwe pa kauntala, chifukwa kumbuyo kwake kuli wina.

Chimene chinandichotsa m'sitolomo ndi matenda a mlongo wanga wamkulu. Anadwala khansa, ndipo kuchipatala atanena kuti abwerere kunyumba, tinamutengera kwathu ku Kawale. Ine ndinkachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Masiku ena ndikabwera ndinkamupeza wosamba, bala lake litamangidwa bwino, nkhope ili yowala. Mkazi wanga anandiuza kuti kunkabwera anthu a kabungwe kena kosamalira odwala m'makomo. Sankalipiritsa. Ine ndinakumana nawo kamodzi kokha, Loweruka lina, akutuluka pakhomo ndi zikwama zawo.

Mlongo wanga atamwalira, nsalu yoyera ndinadula ndekha. Nditabwerera ku ntchito, kauntala ija inayamba kundichepera. Ndinkayeza nsalu maso ali ku msewu. Munthu akabwera kudzagula yoyera, ndinkafuna kumufunsa kuti wadwala nthawi yaitali bwanji, ndani ankamusambitsa. Sindinkafunsa. Ndinkapinda n'kunena kuti, "Chinanso?" Ndinakhala choncho mvula ziwiri, mtima uli kwina.

Nditamva kuti kabungwe kaja kakufuna munthu wosunga katundu ndi kukamupereka m'makomo mwa odwala, ndinapita. Ofesi yake inali nyumba yakale ku Area 3, ya khonde lalitali ndi mtengo wa mango kuseri. Mkulu wake anali namwino wopuma pa ntchito, mayi wamfupi wa imvi, amene aliyense ankangomutchula kuti asisitala. Anandiuza mosabisa kuti malipiro ndi ochepa kuposa a ku sitolo, ndipo amabwera malinga ndi mmene othandiza athandizira.

Mkazi wanga atamva anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Abambo, pa msinkhu wanuwu anzanu akufunafuna mpando. Inu mukufuna msewu?"

Koma sanandiletse. Ndi iye amene anaona anthu aja akusambitsa mlamu wake.

Bwana anali nkhalamba yobadwira mu Lilongwe momwemo, ndipo Chichewa ankachilankhula ngati ife. Nditakamutsanzika anavula magalasi.

"Iwe, kumeneko akakupatsa chiyani? Zikomo? Zikomo amaphika?"

"Ndaganiza kale, bwana."

"Ukaganizanso, ubwere. Sizasi yako sindipatsa munthu."

Miyezi yoyamba inayenda bwino, kapena ndinkaona choncho. Kachipinda ka katundu ndinakakonza ngati sitolo: matewera a akuluakulu mbali iyi, sopo ndi magolovesi mbali iyo, mafuta opaka odwala pamwamba. M'mawa ndinkalongedza chikwama, kuwoloka mlatho, kukwera minibasi ku depoti. Ndinadabwa kuona kuti odwala athu sanali ku Kawale ndi ku Mchesi kokha. Ena anali kuseri kwa mipanda yaitali ya ku Area 11 ndi Area 47, m'tinyumba ta antchito timene timati kota. Munthu akamadutsa pa msewu amangoona maluwa ndi geti.

Ndinkayenda mofulumira. Makomo amene anzanga ankawamaliza madzulo, ine dzuwa likamafika pamutu ndinali nditabwerako. Ndikafika ku ofesi ndinkasowa chochita. Ndinkasesa khonde losesedwa kale.

Khomo limodzi la Lachinayi linali ku Area 47. Wodwala anali mdala amene kale ankayendetsa galimoto za boma ku Capital Hill. Khansa inali itamulowa m'mafupa, ndipo sankadzukanso. Akazi ake anakhala akuphikira banja la m'nyumba yaikuluyo kwa zaka zambiri, choncho eni ake anawasiya kuti azikhalabe mu kota. Kanali kachipinda kamodzi ndi kakhonde, pafupi ndi chingwe choyanika zovala.

Ndikafika, amayiwo ankathamanga kukhonde la nyumba yaikulu n'kubwera ndi mpando woyera wa pulasitiki. Ankaupukuta ndi nsonga ya chitenje n'kuuika pakhomo, moyang'ana bedi.

"Khalani, abambo."

"Ayi mayi, musavutike. Ndili bwinobwino."

Ndinkaima pakhomo n'kufunsa zimene asisitala anandiuza kuti ndizifunsa. Adya? Agona? Ululu uli bwanji? Amayiwo ankayankha mwachidule. Ndinkatulutsa katundu m'chikwama, n'kufunsa kuti, "Chinanso?" Iwo ankati palibe. Ndinkatsanzika, ndipo pamene ankafunafuna masilipasi kuti andiperekeze, ine ndinali nditafika kale pa geti.

Ndine wa ku Nathenje. Mwambo ndimaudziwa. Kwathu mlendo amapatsidwa pokhala, amadikira kuti eni khomo amulonjere, ndipo pochoka amaperekezedwa. Kumudzi sindikanaima pakhomo la wodwala ngati mtengo wa magetsi. Koma kuno sindinkadziona ngati mlendo. Ndinkati ndili pa ntchito, ndipo pa ntchito munthu sakhala. Mpando uja ndinkaukana pofuna kuwachepetsera mavuto amayiwo, amene ankaoneka otopa kale.

Lolemba lina asisitala anandipeza m'kachipinda ka katundu.

"Achimwene, tabwerani kukhonde kuno."

Iwo anakhala pa benchi. Ine ndinaima.

"Amayi a ku 47 aja ati tisakutumizeninso."

"Ndalakwa chiyani? Katundu sakufika?"

"Katundu akufika. Akuti mumanyansidwa ndi amuna awo. Akuti mpando amachita kukabwereka, kuupukuta, inu osaukhudza ndi chala chomwe. Akuti mumaima pakhomo kuthawa fungo, ndipo mumachoka ngati galu wakuthamangitsani."

Ndinafuna kunena za mlongo wanga, koma iwo ankazidziwa kale.

"Sindinyansidwa," ndinatero.

"Ine ndikudziwa. Iwo sakudziwa. Ndipo si okhawo. Agogo ena a ku Area 11 anandifunsa ngati munali wapolisi kale." Anaseka pang'ono, kenako n'kusiya. "Ndikuuzeni zoona. Kachipinda aka sikafuna munthu wa tsiku lonse. Ndinakutengani chifukwa cha makomo. Makomo akayamba kukukanani, ndilibe kokutumani. Lachinayi mupiteko. Akakubwezani, tidzakhala pansi tikambirane. Ngati mudzavomere kukhala pansiko."

Masana a tsiku limenelo sindinadye. Ndinatuluka n'kuyamba kuyenda, osadziwa kumene ndikupita. Miyendo inandifikitsa ku Old Town. Ndinati ndingodutsa tsidya lina la msewu, koma bwana anandiona ali pa mpando wake.

"Iwe! Ukudutsa ngati sukundidziwa?"

Ndinalowa. Fungo la nsalu zatsopano linandilandira. Ndinaima pa malo anga akale, pamene simenti inatha chifukwa cha nsapato zanga, ndipo msana unawongoka wokha. Kwa miyezi yonseyo sindinamvepo bwino chotero.

"Waonda," anatero bwana. "Zikomo uja sakukhutitsa?"

"Ndi kuyenda, bwana."

"Sizasi ili m'dirowa. Mwezi wa maukwati wayandikira. Anyamata awa amadula ngati akusenga udzu."

Sindinavomere. Koma sindinakanenso. Ndinatuluka ndi nkhaniyo m'mutu, ndipo inayenda nane mpaka ku Kawale.

Mkazi wanga anali pakhonde akusadzula masamba. Nditamufotokozera sanadabwe.

"Nanga akunama? Ngakhale kuno mumadya ngati basi ikukusiyani. Alendo akabwera mumaima pa chitseko ngati mlonda."

"Kutchalitchi ndimakhala."

"Kumeneko amakuimiritsani pafupipafupi, n'chifukwa chake mumapirira. Takhalani apa tione."

Ndinakhala pa mpando wa pakhondepo. Posapita nthawi ndinaona kuti waya wa mpanda wamasuka. Ndinadzuka kukaumanga. Mkazi wanga anangopitiriza kusadzula, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Mukabwerera ku sitolo, sindikudzudzulani," anatero pambuyo pake. "Koma mukabwerera chifukwa cha mpando, musadzauze anthu. Mudzanene kuti ndi malipiro."

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinayenda makomo ena. Ndinayesa kukhala. Ndinkakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando, chikwama chili paphewa, maso ali ku khomo. Anthu ankandiyang'ana modabwa, ngati ndadwala.

Lachinayi kunacha kotentha. Unali mwezi wa October, misewu ya ku 47 itadzaza maluwa ofiirira a mitengo ija ya m'mbali mwa msewu. Ndinatsika minibasi patali dala, kuti ndiyende pang'ono. Ndinadutsa geti lija kamodzi osagogoda. Kachiwiri ndinagogoda.

Amayiwo anali pa chingwe akuyanika nsalu za pabedi. Anandiona, koma sanasiye kuyanika.

"Mwabweranso inu? Ndinanena kale kwa asisitala."

"Anandiuza, mayi."

"Siyani katunduyo pakhomopo. Musachedwe, muli ndi kopita kwambiri."

Mpando panalibe. Zimenezo sindinaziganizire. Njira yonse ndinkakonzeka kulandira mpando, ndipo tsopano panalibe woti ndiulandire.

"Mayi, ndingakhale pang'ono?"

"Mpando uli kwa eni ake."

Ndinaima pamenepo ndi chikwama changa. Geti linali kumbuyo kwanga, ndipo kuseri kwa getilo kunali minibasi ya ku Old Town. Ndinawerama n'kumasula zingwe za nsapato. Ndinaodira, n'kulowa ndi masokosi okha. Pansi, m'mbali mwa bedi, panali mkeka umene amayiwo ankagonapo. Ndinakhala pamenepo.

Fungo linalipo. Sindinganame. M'chipindamo munali kazenera kamodzi, ndipo malata anali atatentha kale. Koma linali fungo limene ndinkalidziwa la kunyumba kwanga, masiku a mlongo wanga.

Mdalayo anali atayang'ana kukhoma. Ndinali ndisanaonepo nkhope yake bwinobwino, chifukwa uli pakhomo unkangoona mapazi ndi bulangete.

"Ndani ameneyo?" anafunsa ndi mawu osasa.

"Ndine, bambo. Wa katundu uja."

"Aa! A Chinanso? Lero mwagwa?"

Apo ndi pamene ndinadziwa dzina limene ankanditchula pakhomopo.

"Ndakhala, bambo."

"Mayi! Tabwerani mudzaone zodabwitsa. A Chinanso ali ndi matako!"

Amayiwo sanabwere msanga. Ndinkamva akukung'untha nsalu panja, mwamphamvu kuposa mmene nsalu imafunira. Mafunso anga aja anali pakamwa: adya, agona, ululu. Ndinawameza. Mlendo sayamba. Ndinayang'ana khoma, kalendala ya chaka chatha, jekete lakuda lopachikidwa pa msomali m'pepala la pulasitiki. Ndinaganiza za makomo ena amene ankandidikira tsiku limenelo, ndi za dzuwa limene linkakwera. Bondo langa lamanja linayamba kunjenjemera lokha, chidendene chikugunda mkeka.

"Zimitsani injini," anatero mdalayo. "Mafuta adula."

Ndinaligwira bondolo ndi dzanja. Linaima pang'ono, kenako linayambanso.

"Munkagwira kuti kale?"

"M'sitolo ya nsalu, ku Old Town."

"Kwa amwenye? N'chifukwa chake. Kumeneko mpando ndi wa bwana." Anatsokomola. "Ine zanga zinali zosiyana. Kuyendetsa kunali kochepa. Ntchito inali kudikira. Bwana alowe mu msonkhano m'mawa, atuluke dzuwa litapendeka, ine ndili m'galimoto pansi pa mtengo. Inu munaima moyo wonse, ine ndinakhala moyo wonse. Tikanagawana, bwenzi tonse tili bwino."

Kenako amayiwo analowa. Anaima kaye, kundiyang'ana pamene ndinakhala, pa mkeka wawo. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko, n'kukonza chitenje pa maondo.

"Muli bwanji, abambo?"

"Ndili bwino, mayi, kaya inu?"

"Tilipo. Kunyumba mwasiya bwanji?"

"Aliko bwino."

M'miyezi yonseyo aka kanali koyamba kulonjerana nawo. Anandifunsa kwathu. Nditati ku Nathenje, anati iwo ndi a ku Mitundu, ndipo anadabwa kuti munthu wa ku Nathenje angakane mpando. Ndinawauza za kauntala. Ndinawauzanso za mlongo wanga, mwachidule. Sananene kuti amva kapena sanamve. Anangoti, "Pepani."

Panja wina ankathirira maluwa a m'nyumba yaikulu. Bondo langa silinasiye. Ndinaika chikwama pamwamba pake kuti chilipsinje.

Patapita nthawi amayiwo analankhula, maso ali pa mkeka.

"Kuwatembenuza kukundivuta. Msana wanga watha. Sabata ino agonera mbali imodzi yomweyi."

"Bwanji simunanene, mayi?"

"Ndinene kwa ndani? Kwa munthu woti mwendo wina uli kale pa geti?"

Ndinavala magolovesi. Asisitala anali atandiphunzitsa katembenuzidwe ka wodwala, koma ndinali ndisanakachitepo pa khomo la munthu. Tinapinda nsalu ya pabedi, iwo kumutu, ine m'chiuno, n'kukoka pang'onopang'ono. Mdalayo anabuula, kenako anatukwana msewu wina wa maenje umene ankaukumbukira. Anali wopepuka kuposa mpukutu wa nsalu ya yunifomu. Pa chiuno, mbali imene anagonerayo, khungu linali litayamba kutseguka. Ndinaimbira foni asisitala pomwepo, ndipo anati abwera okha m'mawa mwake.

Atatembenuka, mdalayo anandiona nkhope koyamba. Ndevu zake zinali zitakula, zoyera, zopotana.

"Kodi ndinu wamkulu chonchi? Ndimayesa kamnyamata, mmene mumathamangiramo." Anadzigwira chibwano. "Mumatha kumeta? Amayi awa manja amanjenjemera. Tsiku lina anafuna kundipha."

"Mabodza," anatero amayiwo. "Ankayankhula ndikumeta."

Lezala limene linalipo linali lobuntha. Ndinayesa ndi sopo ndi madzi ofunda, koma linkangokoka. Tinameta tsaya limodzi, mdalayo n'kunena kuti basi, linalo likhale la sabata ya mawa, kuti ndikhale ndi chobwerera.

Pamene ndinkatuluka, mthunzi wa nyumba yaikulu unali utafika pa kakhonde kawo. Makomo ena a tsikulo ndinali nditawaphonya, ndipo zinkandiwawa. Ndinavala nsapato mofulumira. Ndinayamba kuyenda, kenako ndinakumbuka. Ndinaima pafupi ndi chingwe mpaka amayiwo atapeza masilipasi awo.

Anandiperekeza mpaka pa geti, n'kutuluka nane mu msewu. Ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lili pa msana. Ine ndinkachita kufupikitsa mapazi ngati mwana wophunzira kuguba. Tinafika pa mphambano.

"Ndibwerere pano," anatero. "Lachinayi mubwere ndi lezala latsopano. Simungawasiye amuna anga ndi tsaya limodzi."

Ku ofesi ndinafika mochedwa, chikwama chili ndi katundu wa makomo amene sindinafikeko. Asisitala anachiyang'ana, n'kuyang'ana thalauza langa, limene linali ndi mizere ya mkeka.

"Lero mwagwira ntchito yochepa, achimwene."

"Eya."

"Otsalawo mupite mawa. Musathamange."

Lachinayi lotsatira ndinapeza mpando woyera uja uli pakhomo, wopukutidwa kale. Ndinaulowetsa m'kati, pafupi ndi bedi. Mdalayo ndinamumeta sabata iliyonse mpaka mvula itayamba. Dzina lija sanalisiye.

Ku sitolo ndinapita Loweruka lina, kukanena kuti sizasi ija apatse wina. Ndinali nditakonza mawu njira yonse. Bwana sanandilole kumaliza.

"Ndinapatsa kale. Ukuganiza maukwati ankadikira iwe?" Analoza mnyamata amene anaima pa malo anga. "Amadula mokhota, koma amabwera."

Ndinaseka, ngakhale kuti penapake zinandibaya. Ndinaima pang'ono kutsogolo kwa kauntala, mbali ya makasitomala, osadziwa poika manja. Kenako ndinatsanzika.

Ntchitoyi ndikuigwirabe. Sindinganene kuti ndinazolowera. Ndikakhala m'nyumba ya wodwala, mutu umakhala uli kale pa khomo lotsatira, ndipo bondo limayamba. Ndimaika chikwama pamwamba pake n'kudikira kuti andilonjere.